Anthu a mitengo a ku Ngauma

Lolemba, Cuamba

Ndatuluka mu ofesi ya a shefi, abwana a bungwe, ndi theka la lonjezo. Bungwe lawo, lothandiza anthu obwerera kuchokera ku Malawi, likufuna kulemba munthu mmodzi ntchito. Ofuna tilipo atatu. Akuti aliyense aonetse purojeto yooneka ndi maso. Yanga adzaiona Loweruka, podutsa ku Mandimba pa galimoto.

Anzanga awiriwo, wina akuti zitsime, wina mbuzi. Mbuzi! Zaka zonse zija za sukulu ku Nampula kuti ndizidzawerenga mbuzi?

Yanga ndi iyi. Woyendetsa kamiyau (lole) wina wandiuza kuti kupitirira Mandimba, njira ya ku Ngauma, kuli munda moima anthu a mitengo okhaokha, manja m'mwamba. Iye akuti amadutsapo osacheuka. Ine ndaona kale chomwe ena sakuona: paki ya ziboliboli, alendo, chikwangwani pamsewu.

Zofunika:
kope latsopano
malaya oyera
dzina la paki (Munda wa Mtendere?)
anthu oganiza mofulumira (awa sindikudziwa kokawapeza)

Lachiwiri, Mandimba

Tsiku lonse pa kamiyau, pamwamba pa matumba a mchere. Fumbi mpaka m'makutu. Malaya aja salinso oyera. Pa mlatho wina wogwa tatsika tonse n'kukankha.

Kwathu nyumba ili ndi makoma anayi ndi theka la denga. Chaka chachiwiri ichi chibwerere kuchokera ku Malawi, tikadali pa theka! Ndawafotokozera bambo za paki, bwinobwino, kuyambira pachiyambi. Amvetsera mpaka kumapeto. Kenako ati: "Zili bwino. Tagwira nsungwi iyi."

Mayi ati: "Alendo akowo azidzadya kwa ndani?"

Dziko silingapite patsogolo ndi mafunso otere.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Aliyense m'mudzi muno maso ali kumwamba, udzu uli pamutu.

Lachitatu, njira ya ku Ngauma

Njinga ya malume, mabuleki ake ndi chidendene changa. Maola atatu.

Ndafika, ndipo n'zoona! Ziboliboli makumi awiri ndi zinayi, ndawerenga kawiri. Zazitali kuposa ine, za mtengo wa muwanga, mapazi m'nthaka, manja onse m'mwamba. Nkhope iliyonse yakeyake: wa ndevu, wa mpata m'mano, mayi wa mphuno yaikulu, bambo wa diso limodzi. Zaima m'mizere pakati pa ziputu za chimanga, duu.

Ndalemba m'kope: "Manja okwezedwawa ndi kulira kwa mtundu wopempha mtendere." Chiganizo chabwino kwambiri. A shefi achikonda.

Wosema ndi bambo Zakariya, anaphunzira ukalipentala ku mishoni ya ku Massangulo nkhondo isanafike kuno. Munthu wosalankhulalankhula. Ndawafunsa tanthauzo la manjawo. Ati: "Mtengo unamera choncho." Amisiri enieni ndi odzichepetsa, tinaphunzira zimenezi.

Ndawapempha kuti asasunthe kanthu mpaka Loweruka. Ati: "Ine sindisuntha kanthu." Basi, zatheka! Ndikhala kwawo masiku awa, ndiyeze munda, ndijambule podzaika chipata.

Lachinayi

Lero zatsala khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Mmawa ndikuyeza pa chipata, kwabwera amuna awiri akukankha njinga. Alendo oyamba, ndatero mumtima. Ayenda m'mizere akuyang'ana nkhope imodziimodzi, monga amachitira anthu odziwa luso. Mmodzi waima pamaso pa cha ndevu chija, wagwira ndevu zake, wati: "Ndine uyu." Agwedeza, azula, amanga panjinga, ulendo.

Ndathamangira kwa bambo Zakariya. Iwo ali phee, akunola sompho.

Zomwe ndaphunzira lero:
Si ziboliboli. Ndi mizati ya phanda.
Manja aja ndi phanda lonyamulira mtanda wa denga.
Amaziimika m'munda kuti ziume.
Mzati uliwonse uli ndi mwini wake, anauitanitsa kalekale.

Nanga nkhope? Ati: "Chaka chatha ndinkalemba maina ndi makala. Theka la anthu sawerenga. Theka linalo linkawerenga dzina lawo pa mzati wa mnzawo. Milandu mpaka kukolola. Koma nkhope yake palibe amaikana." Awonjezera kuti mzati wokuyang'ana palibe amauba kukasonkhera moto.

Ndawakumbutsa kuti analonjeza kusasuntha kanthu. Ati: "Mwandiona ndasuntha?"

Pofika madzulo zapitanso zinayi.

Chiganizo cha mtendere chija sindinachifufute. N'chabwinobe.

Lachisanu

Kwagunda bingu kumapiri, kamodzi kokha, ndipo mudzi wonse wakhamukira kumunda. Ndaima podzakhala chipata paja, kope m'manja, kuwapempha kuti adikire tsiku limodzi. Limodzi lokha, chifukwa cha chitukuko!

Mayankho:
Agogo ena aamuna: "Chitukuko chakocho chili ndi denga, mwanawe?"
Mayi wa mphuno uja, ndawazindikira ali patali: "Mphunoyo si yanga, a Zakariya ananama. Koma mzati ndi wanga. Tapatukani achimwene."
Bambo wa diso limodzi: Angondipatsa kumapazi kwa mzati wawo, iwo agwira kumutu. Ndanyamula mpaka kwawo, kutsidya kwa dambo. Muwanga ndi wolemera.

Masana zatsala zisanu ndi chimodzi.

Nzeru yatsopano! Paki yoyendera: mlendo azipita khomo ndi khomo, kuona luso pakati pa anthu. N'zamakono kuposa poyamba. Ndazungulira mudzi kuti ndijambule njira yake. Mizati ija ndaipeza motere:

Wa ndevu wanyamula khonde, pakhosi amupachika chikwanje.
Wa mpata m'mano wanyamula denga la nkhokwe.
Mayi wa mphuno ali m'khola la mbuzi. Mbuzi zomwezo!
Wina, wa nkhope yaulemu ngati katekisiti, waima pa chimbudzi. Mwini wake akuti ndi pomwe panafunika.

Njirayo sindinaijambule. Phewa likuwawa.

Loweruka

Zatsala ziwiri, kumapeto kwa munda, nkhope zofanana. Bambo Zakariya akuti ndi anyamata apachibale, anawoloka kupita ku Malawi nthawi ya nkhondo, sanabwerebe. Palibe anaitanitsa, anangosema okha kuti akadzafika asavutike. Makalata awiri anapita. Zii.

Ziwiri ndi ziwiri ndithu. Paki iliyonse inayamba ndi chimodzi.

Ndakawachingamira a shefi pa mphambano, ndawatsogolera pa njinga, galimoto pambuyo panga. Atsika. Ayang'ana munda wa maenje makumi awiri ndi awiri. Ndatsegula kope, ndayamba tsamba loyamba, mawu omveka bwino. Ndisanafike pa "kulira kwa mtundu", iwo ali kale pa mizati, akuigogoda ndi kiyi wa galimoto.

A shefi afunsa bambo Zakariya: "Chiswe chimagwira, bambo?"

"Muwanga? Chiswe chimathyoka mano."

Kuchokera pamenepo acheza ola lathunthu, Chinyanja, Chiyao, Chipwitikizi pang'ono. Ine ndi kope langa taima pambali. Zapezeka kuti khonde la nyumba ya a shefi ku Cuamba linapendekeka chaka chatha, ndipo mayi akunyumba sakuwapatsa mpumulo.

Bambo Zakariya ayang'ana nkhope ziwirizo nthawi yaitali. Kenako ati: "Tengani, mvula ingaziwononge pachabe. Eni ake akabwera ndidzasema zina. Nkhope ndikuzikumbukira."

Ndathandiza kuzula. Ndathandiza kukweza. Mizati ndi yaitali, yalowera kumbuyo mpaka mitu yagona pa mpando wakutsogolo, womwe ndimayembekeza kukhalapo ine.

A shefi ati: "Iwe ndiwe wachinyamata, njinga uli nayo."

Ndafunsa za ntchito. Ati: "Aa, ija! Mnzako wa mbuzi uja ayamba Lolemba, mbuzi zake tinaziona dzana, zonenepa. Koma usataye mtima, uli ndi diso. Mizati ngati iyi ndaifuna chaka chonse."

Lamulungu, Mandimba

Mvula yafika. Yeniyeni.

Takhala tonse mbali ya nyumba yomwe ili ndi denga, katundu pamiyendo. Mbali inayo nkhuku zikusamba. Mayi angondisunthira mphasa. Bambo afunsa chimodzi chokha, ngati a Zakariyawo akulandirabe oitanitsa, pakuti ife tikufunika mizati itatu. Akuti ndikawauze ndine, popeza tikudziwana.

Kope lanyowa kona imodzi. Masamba oyera atsala ambiri, mayi akuti ndi abwino kukulungira mbewu za maungu.

Mawa ku Cuamba ayamba ntchito atatu: wa mbuzi uja, ndi anyamata awiri a muwanga, amene sanapiteko n'komwe ku Nampula. Ife mawa tikabzala chimanga. Khasu langa bambo andisankhira kale. Akuti ndi lopepuka, loyenera munthu wophunzira.