Buluzi Wagona Pamaso pa Ahedi

Lolemba
Lachisanu ahedi abwera kudzaonerera phunziro langa la bayoloje. Aphunzitsi tilipo awiri, ine ndi a Mhango, koma malo a ntchito ndi amodzi. A Mhango amangojambula pabolodi. Ine ndibweretsa zamoyo! Ana aone okha kuti chule amanunkhiza ndi mphuno, pamene buluzi amatola fungo ndi lilime n'kulipereka kumwamba kwa m'kamwa. Zofunika: chule, buluzi, chidebe, usipa wowola.

Lachiwiri
Chule ndam'gwira kudambo la Masasa, buluzi pakhoma la bafa. Thalauzi langa labwino lathera m'matope.

Lachitatu
Mzuzu ndi kuzizira kwake! Buluzi wauma gwa, lilime osatulutsa. Ndam'veka sokosi, ndikumuothetsa mbaula, ndikumunyengerera ndi usipa. Ndikutembenuka, pakhomo paima a NyaGondwe, eni nyumba. "Aticha, mukuyowoya na njani?" Akufunsa m'Chitumbuka kuti ndikulankhula ndi ndani. Ndikuwafotokozera za lilime. Akubwerera cham'mbuyo.

Lachinayi
Pakhomo panga awaza mchere. Ana a pamalo pano awaletsa kundipatsa moni. Ine munthu wa satifiketi, lero ndine mfiti yoweta chule! Chuleyo naye usipa sakuufuna, akungondiyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu.

Lachisanu
Ahedi akhala kutsogolo, tayi ali pakhosi. Ndikutsegula chidebe. Chule jowe, pawindo, wapita! Buluzi ali mtulo. Ndikum'gwedeza, akundisiyira mchira m'manja n'kugonanso. Usipa wokha ndi umene ukugwira ntchito: kalasi yonse yatseka mphuno. Ahedi akutuluka mpango uli kukamwa. "Yewo chomene, aticha, fungo talimva."

Loweruka
A NyaGondwe abwera ndi amayi a mapemphero. Apempherera bedi, mbaula, ngakhale sokosi ija. Buluzi watenthedwa ndi khamu la anthu, wadzuka, ndipo akutulutsa lilime bwinobwino! Amayi akukuwa. Ine misozi ili m'maso, mtima ukuwawa. Dzulo unali kuti, galu iwe?

Lamulungu
Ahedi ndakumana nawo potuluka m'tchalitchi. Malo apatsa a Mhango. Koma akuti ndisadandaule: kuseri kwa zimbudzi za sukulu kwaoneka njoka, mlonda wakana kupitako, ndipo aliyense akuti ine zokwawa ndimamvana nazo. Njoka ndimaiopa koopsa. Ndafunsa kuti ndifike nthawi yanji.