Utsi wa Mbatata Pamaso pa Nyenyezi

Mpaka lero ndikalowa pakhomo pa apongozi anga ku Nkhunga, azilamu anga amayamba kutsokomola mwadala. Bola ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, popeza mukakamvera kwa iwo akathirapo tsabola.

Apongozi anga aamuna, a Shaibu, anapuma pa ntchito yokonza makina ku Dwangwa. Kuyambira kale ndi iwo amatsogolera pofunafuna mwezi Ramadani ikayandikira. Ndiye mwana wawo wina wamkazi yemwe ali kunja atawatumizira telesikopu yokhala ndi kamera, maso awo anapitirira mwezi. Analowa gulu lina la pa intaneti, la anthu wamba othandiza akatswiri a zakuthambo.

"Akamwini," anandiuza tsiku lina, "nyenyezi mukuzionazi ndi madzuwa. Zina zili ndi maiko ozizungulira, monga lathuli lizungulira dzuwa. Maikowo sitingawaone. Koma limodzi likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono, ngati udzudzu wadutsa pa nyali ya asodzi a usipa ili kutali. Ife timangoona nthawi yomwe ladutsa n'kutumiza. Likafulumira kapena kuchedwa, akatswiri amadziwa kuti mwina pali dziko lina likulikoka."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva (ine ndine telala, za kumwamba ndimangodziwa mvula). Komabe nkhaniyo inandikhala mumtima. Maiko ena! Ndinkapondaponda makina osokera uku maganizo ali kuthambo.

Tsono mu Juni kunagwa zovuta ku Dwambazi, mbale wa apongozi anamwalira. Mwatsoka linali tsiku lomwe dziko lina limayembekezeka kudutsa, ndipo anzawo a m'maiko ena anali atanena kale kuti kwawo kuli mitambo. Maso a gulu lonse anali pa Nkhunga.

Titachoka ku swala ya Isha, pemphero la usiku, apongozi anaimika telesikopu kuseri kwa nyumba, n'kuilozetsa pa kanyenyezi kosaoneka ndi maso. Pa laputopu panayamba kufola timadontho, mzere wowongoka bwino.

"Imatsata nyenyeziyo yokha," anandiuza akukwera njinga yamoto kupita kumaliro. "Inu musakhudze kanthu. Ingoonani kuti mbuzi zisaigunde. Mzerewu ukatsika, utsika pang'ono, ngati kaulusi."

"Musadandaule bambo," ndinayankha modzidalira.

Ndinakhala pampando n'kukweza maso. Abale, thambo la tsiku limenelo! Nyenyezi zinali mbuu, ngati wina wakhuthula thumba la mpunga, ndipo ndinadziona kuchepa kuposa nyerere. Ndinkangoganiza kuti pa kadontho kamodzi pamenepo pali dziko lathunthu likuyenda ulendo wake, ine ndiye mlonda wake.

Koma mwera suona kuti munthu akusinkhasinkha zakuya. Unawomba mpaka mano kugundana. Ndinakatenga mbaula kukhitchini (sindinakhudze telesikopu, chonde mundichitire umboni). Makala anali onyowa, ndiye ndinaonjezera zitsononkho za chimanga. Moto ukayaka, mimba imakumbuka zake: ndinaikapo mbatata. Mbaulayo ndinaiika mbali yochokera mphepo kuti kutentha kuzindipeza bwino. Zoti mphepo yomweyo ikupitirira mpaka pa telesikopu, mutu wanga sunafikeko.

Nditacheuka pa laputopu, mzere uja unali utagwa. Osati kaulusi ayi, chigwembe chenicheni! Ndinati ngati dziko wamba limatsitsa pang'ono, ili ndi chidziko chomwe munthu sanachionepo. Ndinaimirira, n'kuvula chipewa, misozi ili lengelenge.

Ndinaimbira apongozi, foni yozimitsa. Ndiye ndinajambula mzerewo n'kutumiza ku gulu lawo la pa intaneti lija. Sindinalekere pomwepo. Pa gulu la banja ndinalemba kuti, "Tapeza chidziko chachikulu kuno ku Nkhunga." Azakhali a ku Nkhotakota pa boma anayankha kuti Mashallah. Mlamu wanga wina anafunsa ngati kumeneko kuli madambo olima mpunga.

M'mawa apongozi anafika ali otopa, n'kutsegula laputopu. Mayi wina, katswiri wa gulu lija, anali atayankha mwaulemu kwambiri. Anati nyenyezi zonse za pachithunzipo zinazilala nthawi imodzi, osati yathu yokhayo, ndiye amafunsa ngati kunadutsa mtambo.

"Kunali mitambo?" apongozi anandifunsa.

"Ngakhale umodzi, bambo."

Anapita pa telesikopu, n'kuinunkhiza. Anayang'ana phulusa, anayang'ana makoko a mbatata ali mbwee pansi, kenako anayang'ana ine. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Koma analankhula motsitsa mawu.

"Akamwini, kuwala kumene kuja kunanyamuka kwawo agogo a agogo athu asanabadwe. Kwayenda mtunda wonsewo popanda chokutchinga. Kufika pakhomo panga, kwatsala mikono yochepa, n'kugwera mu utsi wanu."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mwayi wa tsiku limenelo unali utapita, ndipo apongozi analemba okha uthenga wopepesa ku gulu lonse. Dzina langa sanalitchule, anangoti kunali utsi.

Ndinkayesa kuti basi, sadzandiitananso. Koma patapita masabata angapo, dziko lomwelo likudutsanso nthawi ya mdima, anatuma mkazi wanga kuti ndipite. Ndinavala majekete awiri, ndinadyeratu kunyumba, manja ndinawapinda m'khwapa.

Tinayang'anitsitsa laputopu, timadontho tikufola. Kenako mzere unayamba kutsika, pang'onopang'ono, mwaulemu, moti ukanaphethira sukanaona. Unakhala pansipo kanthawi, n'kukweranso pamalo pake.

"Subhanallah," apongozi ananong'ona. "Ladutsa."

Dziko lomwe palibe munthu adzalipondepo linali litangodutsa ife tikuona, tili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi. Chidziko changa chabodza chija sichinandigwire mtima ngati kakutsika kakang'ono kameneka. Ndinaphunzira kuti zinthu zazikulu zenizeni sizibwera ndi phokoso, ngakhale kuti kuugwira mtima pa foni ndikuphunzirabe.

Tikupinda zingwe ndinafunsa, "Bambo, kodi kumeneko kungakhale anthu?"

"Adziwa ndi Mulungu," anatero. "Koma ngati aliko, ndipo nawonso amatiyang'ana, tsiku lija analemba kuti kuno kwapsa."