Mkamwini Wolemera wa a Chidzagwa

A Chidzagwa ankaopa denga monga ena aopera njoka. Akalowa m'nyumba, moni ankayamba apereka kumwamba, maso ali tong'o, kenako n'kumayenda chokhula khoma ngati buluzi. Pakati pa chipinda sankaimapo. Chonsecho ntchito yawo inali yomanga siling'i, ija ya timizere tazitsulo tolendewera pa mawaya, togonekapo matailosi. Dzinali anawapatsa ndi anthu, poti akaona chilichonse chapamwamba ankangoti, "Chidzagwa chimenechi."

Amene anawadziwa bwino ndi mkamwini wawo, dalaivala wa basi, chimunthu choti chikakhala pa benchi mbali inayo imadzuka. Tsiku lokaonekera kwa makolo a mkazi, iye anakonzeka kufunsidwa za ntchito ndi za mowa. Mkuluyo anangomuzungulira, n'kumutsina pamkono.

"Mumalemera bwanji, bambo?"

"Sikelo ya kuchipatala inandikana."

"Mwana wanga mutengeni," anatero a Chidzagwa, misozi ili lengelenge.

Tanthauzo lake mkamwini anadzalimva atakwatira. Apongozi akewo sankakhulupirira zoyesera siling'i ndi matumba a mchenga. "Mchenga sukuwa," ankatero. "Ndikufuna katundu woti akamva kugwedera andiuze." Ndiye akangomaliza kulumikiza zitsulo, uthenga unkafika kwa mwana wawo: amuna ako asadye zochepa lero. Mkamwini akamva zimenezo, ankadziwa kuti akamukweza pamwamba pa zitsulozo.

Ntchito imene inawasowetsa tulo onse awiri inali ya m'wodi ya ana pachipatala china chatsopano. Siling'iyo inkayenera kunyamula magetsi akuluakulu ndi makina oziziritsa mpweya, kuwonjezera pa matailosi okhuthala. A Chidzagwa anasiya kudya. Anafupikitsa mipata ya zitsulo, mawaya n'kuwaika awiriawiri mopingasa, onse okhomerera m'konkire ya pamwamba. Atatha anaika thabwa pamwamba pa zitsulozo, n'kuimika makwerero.

"Kwerani, akamwini."

"Bambo, ine ndili ndi ana."

"Pansipa padzagonanso ana. Kwerani."

Anakwera. Kumwambako kunali mdima, fumbi ndi fungo la simenti. Anagona chafufumimba pathabwa n'kuyamba kukwawa, zitsulo zikulira pansi pake ngati ana a mbewa. Atasuzumira pa mpata wa tailosi, anyamata a ntchito ankaoneka ang'onoang'ono.

Kenako, thaa! Waya wina anazuka m'konkire. Thabwa linapendekeka, tailosi limodzi n'kugwera pansi, phwaa!

"Mayo ine! Ndafa ine!"

Anyamata aja anapanikizana pakhomo pothawa. Mkamwini anakumbatira thabwa. Poyang'ana pansi anaona zimene sanaonepo chikwatirire: apongozi ake ali chilili pakati penipeni pa chipinda, kamunthu koonda ngati waya yemweyo, manja atatambasula, maso atatsinzina.

"Chokanipo, bambo! Ndikuphwanyani!"

"Ndikuwakhani!"

"Simungathe!"

"Ndikudziwa! Ndiye musagwe!"

Sanagwe. Mawaya opingasa aja anagwira. Anabwerera chafutambuyo pang'onopang'ono mpaka phazi linakhudza makwerero. Awiriwo anakhala pansi atatsamira khoma, akupuma ngati agalu, ndipo palibe anafunsa mnzake chimene chinanyowetsa buluku.

Patapita nthawi mkuluyo anati, "Mwakuwa bwino, akamwini. Mchenga ukanangokhala chete."

Anazula zokhomera zonse za m'konkire n'kuikamo zazitali, zija zimatambasuka m'kati mukazimanga. Sabata yotsatira mkamwini anakweranso, akupemphera mokweza. Palibe chinalira.

A Chidzagwa anatisiya chaka chatha. Matenda atakula anakana kugona m'nyumba, mpaka ana anatulutsira bedi pabwalo. Anayang'ana kuthambo nthawi yaitali, nkhope ili ndi nkhawa yomwe ija.

"Chachikulu chonsechi, popanda waya ndi mmodzi yemwe," anatero a Chidzagwa monong'oneza mkamwini wawo. "Ndikamufunse mmisiri wake kuti anakoleka pati."

M'kashopu kamene a Chidzagwa ankasungiramo zida zawo tsopano muli wometa. Anthu akakhala pampando n'kuweramutsa mutu, amaona malata ndi mitanda yokhayokha, poti a Chidzagwa sanalole kuti pamwamba pa mutu wake palendewere kanthu. Macheza amayamba bwino, koma wina akayang'ana kumwambako nkhani imazilala.

Mkamwini amameta komweko. Tsiku lina wometayo anaimitsa lumo.

"Akulu, mukunjenjemera. Ndikuchekani."

"Pepani," anatero iye, akupukuta m'maso. "Kale tinali ndi wotiopera. Pano aliyense akudziopera yekha."

Wometayo anadikira kuti chibwano chikhazikike, kenako anapitiriza.