Moni wa pa Kanema Wosafika ku Mchinji

Lolemba

Zatheka! Komiti yavomera.

Ndilembe bwino, zidzukulu zidzawerenge. Ine ndine membala wa komiti ya nzika yoyang'anira za kebulo, TV ija yolipira yobwera pa waya, muno mu kaunti mwathu ku Amereka. Ntchito yathu ndi kumva madandaulo a anthu pa kampani ya kebulo, ndi kuyang'anira tchanelo cha anthu wamba, chija aliyense wokhala muno angaonetsepo pulogalamu yake ulere. Malipiro palibe, timangolandira mabisiketi ndi khofi wozizira. Mipando inalipo itatu, ofunsira tinali awiri. Izi ku Mchinji sakuzidziwa. Mayi anga amauza anthu kuti ndili m'boma la Amereka, ndipo ine sindinatsutsepo.

Nkhani ndi iyi. Lamlungu masana pa tchanelocho pali theka la ola lopanda mwini. Tikulilimbirana awiri: ine ndi a Gary, mzungu wopuma pa ntchito wa ku Rockville, amene akufuna kumaonetsa nsomba zake za m'galasi. Nsomba! Zosadyedwa n'komwe. Ine ndaimirira, ndakonza tayi, ndanena kuti kuno kuli Amalawi ndi anthu a ku Zambia ambiri amene sadziwa kuti kebulo ikamavuta ali ndi kokadandaula. Pulogalamu ya m'Chichewa ingawatsegule maso. Onse agwedeza mitu.

Lamulo ndi limodzi. Ndipereke pulogalamu yoyesera pofika Lachisanu, ndipo ikhale yothandiza anthu okhala muno mu kaunti. Ikapanda kutero, theka la olalo lapita kwa nsomba. Povota ine ndidzatuluke panja, akuti ndine wokhudzidwa.

Dongosolo langa:
- moni wachidule
- ine kufotokoza ufulu wa nzika, modekha, ngati munthu wa m'boma
- alendo awiri ofunsa mafunso
- basi!

Ndalemba pa gulu lathu la pa foni kuti ndikufuna anthu awiri okha. Mkazi wanga, amake Tadala, awerenga, ayika foni pansi, andiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo, mwalemba pagulu? Inuyo, ndi manja anu? Walira mvula walira matope."

Nsanje basi.

Lachiwiri

Foni yatentha kuyambira m'mawa. Mu sitima ya Red Line ikungonjenjemera m'thumba, mayi wokhala pafupi nane mpaka wasuntha mpando.

Amene akuti sangasowepo:
- abusa athu, chifukwa chinthu chosayamba ndi pemphero sichipita patali
- abusa a anzathu a ku Zambia, chifukwa abusa athu alipo
- amayi a kwaya, onse, ayamba kale kusita zitenje
- Mayi Chirwa, amene sayimba kwaya koma ndi amene amaphika pa maliro onse
- mnyamata wina amene sindikumudziwa, akuti ndi mlamu wa mlamu wanga

Masana ayimba a Mbewe. A Mbewe ndi mkulu wa tonsefe kuno, kwawo ku Chipata, anakulira ku Lusaka, amakhala ku Bowie. Ndi amene anandilandira pa bwalo la ndege ndikubwera koyamba ndi kachikwama kamodzi, ndipo ndinagona pa sofa yawo mpaka sofayo inatenga maonekedwe a msana wanga. Munthu wotere umamukana bwanji?

"Ba komiti! Namvela mwatipezela TV. Manje ise bakulu tizakamba pa first kapena pa last?"

Ndawafotokozera mwaulemu kuti iyi si pulogalamu ya mafuno abwino ngati zija za pa wailesi kumudzi, zoti munthu umatchula abale mpaka malovu kuuma. Ndawauzanso kuti tchanelochi chimathera m'malire a kaunti yathu. Ku Chipata sichifika. Ku Mchinji sichifika. Ngakhale ku Bowie kwawoko, kaunti yoyandikana nayo, sichifika.

Aseka mondimvera chisoni. "TV ni TV, mwana wanga. Ikayaka kuno, na ku Chipata izayaka."

Ndavomera kuti alankhule pang'ono. Pang'ono pokha.

Lachitatu

Ndapita kukaona situdiyo. Kachipinda kakang'ono, makamera awiri, mipando isanu ndi duwa la pulasitiki. Amene amayendetsa zonse ndi Mayi Denise, munthu wamtima wabwino amene sanachitepo nane cholakwa chilichonse. Andifunsa kuti tibwera angati. Ndati asanu. Mulungu andikhululukire.

Madzulo nkhondo pagulu: ndani atsegule ndi pemphero, Malawi kapena Zambia? Yatha mwamtendere. Mapemphero akhala awiri otsegulira, awiri otsekera.

Ndalembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti KU MUDZI SIZIONEKA. Alandira uthengawo ndi timitima ndi timanja topemphera. Mayi Chirwa afunsa ngati kamera imaonetsa nsapato.

Zolankhula zanga ndazichepetsa ndi theka. Zili bwinobe.

Lachinayi

Tsiku lojambula.

Ndinati tikumane tikaweruka ku ntchito. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mtundu wathu, anthu afika nthawi isanakwane! Pa ukwati timawadikira, pa msonkhano wa bungwe timawadikira, lero ndawapeza atadzaza kale khonde lonse. Masuti, maduku, perefyumu wotsamwitsa. Mayi Chirwa abwera ndi mandasi mu beseni. Mayi Denise awerenga anthu ndi chala, afika penapake, asiya, apita kukamwa madzi. Atsimikiza kuti azilowa asanuasanu.

Mapemphero awiri. Kwaya nyimbo imodzi, yomwe ili ndi ndime zonse za m'buku ndi zina zowonjezera. Kenako a Mbewe aimirira, ngakhale tawapempha kuti akhale chifukwa kamera ikuwadula mutu. Alemekeza abusa, alemekeza akazi a abusa, alemekeza komiti, ndiye kuti ine. Apo ndamva kukoma, ndisaname. Atatero ayang'ana mu kamera ndi kuyamba: moni ku Chipata, moni ku Katete, moni ku Chawama kwa alongo awo, moni kwa mphunzitsi wawo wa sitandade 4 ngati akadali moyo.

Chitseko chatseguka pamenepo. Aliyense akulowa, akuwerama pang'ono, akutchula dzina lake, mudzi wake, n'kuyamba kuwerenga abale. Ena si moni chabe, ndi malangizo:

"Achimwene ku Ntcheu, mbuzi zija musagulitse, ndikubwera Disembala."

"Esinati, foni uziyankha. Ndikudziwa kuti umaona."

"Moni kwa apongozi anga, ngakhale zija ananena sindinaiwale."

Mlamu wa mlamu wanga uja wapereka moni kwa atsikana awiri osiyana, m'maboma awiri osiyana.

Mayi Denise andinong'oneza kuti anthuwa akuoneka okhudzidwa kwambiri, kodi onsewa akudandaula za kebulo? Ndati inde mayi, yawazunza.

Pomaliza penipeni, kupatula mapemphero otsekera, ndi ine. Theka la anthu lili kale panja pa mandasi. Ndawerenga pepala langa: kuti nzika ili ndi ufulu, kuti chithunzi chikamaduka kapena akakumba pakhomo pako osakwirira usangoti ndi mmene zilili, pali ofesi, pali komiti. Ndalankhula bwino, ndikudziwa. Ndiye ndakweza maso kuti nditsanzike. Kagetsi kofiira kakuyaka, diso la kamera lili pa ine ndekha, zii. Sindikudziwa chimene chandigwira. Ndangomva pakamwa panga pakuti, "Moni kwa mayi anga ku Mchinji. Amayi, ndine. Ndili bwino, ndikudya, musamade nkhawa."

Ine amene ndinalemba zilembo zikuluzikulu zija.

Lachisanu

Tajambula zopitirira ola. Zofunika ndi theka. Ndapempha tchuthi cha masana ku ntchito, ndakhala ndi Mayi Denise pa kompyuta kuti tidule.

Tidule ndani?

Pemphero silidulidwa. Ukadula la Zambia usiye la Malawi, ndiye kuti wayambitsa nkhani ya malire. Kwaya ukaidula, amake Tadala ali mu kwayamo, mzere wachiwiri, ndipo ine ndimagona nawo nyumba imodzi. Mayi Chirwa ukawadula, tsiku lako likadzafika adzaphika ndani? A Mbewe atumiza kale uthenga m'mawa: "Ba komiti, mwamene nakambila ni mwamene." Ndayesa kuchotsa mphunzitsi wa sitandade 4 yekhayo, mtima wakana. Sofa ija.

Tadula malo opumira, tadula kutsokomola, tadula ndime ziwiri za kwaya pamene amake Tadala sakuoneka. Sizikukwanabe. Amene ndingamudule popanda mlandu ndi mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi, ndipo ndi amene wavala tayi.

Ufulu wa nzika wapita. Za maenje osakwirira zapita. Kwatsala kamphindi kamodzi kumapeto, ndipo Mayi Denise akuti ndisankhe: pamene ndikutchula kokadandaula, kapena pamene ndikunena mawu ena aja kumapeto. Iwo sakumva Chichewa, koma akuti pamenepo nkhope yanga ikuoneka bwino. Ndikudziwa bwino lomwe kuti kamphindi ka ofesi kaja ndi kokhako kamene kangatipulumutse kwa nsomba. Ndayang'ana munthu wa pa kompyutayo akuti "Amayi, ndine," ndi mawu a mwana wa sukulu.

Ndadula ofesi, ndasiya amayi.

Chatsala n'chakuti komiti imafuna zonse zimasuliridwe m'Chingerezi. Ndakhala pansi, munthu wa madigiri awiri, kumasulira nkhani ya mbuzi.

Loweruka

Ayimba amayi apampando a komiti, Loweruka lomwe, ndi mawu okoma ngati uchi. "So vibrant! So much love!" Ndakhala kuno nthawi yokwanira kudziwa kuti mzungu akayamba choncho, konza katundu. Afunsa funso limodzi lokha: mwa anthu onse apatsidwa moniwo, ndi angati amakhala muno mu kaunti? Ndaganiza, ndaganiza. Ndati apongozi aja anabwerapo kudzacheza.

Agwirizana kale, ine ndisanatuluke n'komwe panja. Pulogalamu yathu iwonetsedwa kamodzi, mawa, chifukwa cha ulemu. Kuyambira sabata yamawa, nsomba.

Ndalemba pagulu kuti mawa aliyense atsegule tchanelo chathu. Kenako mmodzimmodzi:

"Ife kebulo tinachotsa kalekale."

"Kodi sizionekera pa foni?"

"Tibwera kwanu, ba komiti."

Ndati bwerani, nyumba ndi yanu. Ndatenga rimoti kuti ndiyeseretu. Palibe. Ndasintha mabatire. Palibe. Amake Tadala akuyankha ali kukhitchini, osatembenuka n'komwe: "Kebulo ndinaidula chaka chatha. Inu mpira mumaonera pa foni."

Membala wa komiti ya kebulo! Chaka chathunthu ndikuweruza milandu ya chinthu chimene m'nyumba mwanga mulibe.

Munthu mmodzi yekha amene ndikumudziwa kuti ali nayo ndi a Gary. Ndaimba. Manyazi sapha. Akondwa kwambiri, akuti palibe amene amabwera kudzaona nsomba zawo. Afunsa kuti tibwera angati. Ndati asanu.

Lamlungu

Tatuluka m'tchalitchi, magalimoto mdipiti kulowera ku Rockville. Pabalaza pa a Gary padzaza, ena pansi, ena pa masitepe. Nsomba zikutiyang'ana. Ndivomere, ndi zokongola, ndipo palibe imene ikupereka moni kwa apongozi.

Pulogalamu yayamba. Palibe amene akuonera ndi maso. Aliyense wakweza foni, akujambula kanemayo, akudikira nkhope yake. Ikangodutsa, watumiza kumudzi. Pemphero lachiwiri lotsekera lisanathe, mafoni ayamba kulira. Ntcheu yayankha kuti mbuzi imodzi inagulitsidwa kale. Esinati wayimba yekha. Mphunzitsi wa sitandade 4 ali moyo, ndipo akupempha magalasi a maso.

A Mbewe andigwira paphewa. "Nenze nakuuza. TV ni TV." Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa andiwawa lero lomwe. Ndawasiya akufunsa a Gary ngati pa pulogalamu ya nsomba pangapezeke kampata ka munthu kulankhula pang'ono.

Kokadandaula za kebulo palibe amene wadziwa. Palibenso amene ali ndi kebulo yoti aidandaule. Theka la ola la Chichewa pa kanema wa ku Amereka ndinali nalo m'manja, ndalitaya ndekha, ndipo zikundipweteka kuposa mmene ndaonetsera pa anthu.

Ine sindinajambule kanthu. Koma amake Tadala anajambula, natumiza osandiuza. Tili m'galimoto pobwerera, uthenga wamawu walowa kuchokera ku Mchinji. Ndaimika galimoto pambali. Kumbuyo kukumveka nkhuku ndi anthu ambirimbiri akuseka.

"Mwanangu, ndakuona. Ndaonera kambirimbiri mpaka foni ya Malita yazima. Anthu onse abwera kudzaona, ndawauza kuti si uyu ndimanena uja, wa m'boma. Wanenepa, ndathokoza Mulungu." Apa mawu awo anjenjemera, ndipo ine ndalira, pamsewu, nditavala tayi. Amake Tadala ayang'ana kunja ngati sakuona.

Uthengawo sunathe. "Koma amalume ako sunawatchule, akwiya, sakudya. Azakhali akonso akuti unawaiwala. Sabata yamawa ukamalankhulanso, uyambe ndi iwowo."

Ndayankha kuti chabwino amayi, ndamva.

Sabata yamawa kuli nsomba.