Ana Anayi pa Kapu Imodzi ya Tiyi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chithupsa cha pamalo osaonetsa, koma poti anthu a ku Mangochi anaifalitsa kale mpaka ku Chiponde, kuli bwino muimve kwa mwini wake. Sekani momasuka, manyaziwo ndi anga.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo ukafuna kudandaula ngakhale za mvula unkayamba wayang'ana kumbuyo. Ine Bauleni ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Ntcheu, ndipo ananditumiza pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi tauni ya Mangochi. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, matayi awiri, ndi matama osakwana m'basi. Ndinali nditawerenga manovelo katoni yathunthu, choncho ndinkadziona ngati pulofesa amene wasochera pakati pa asodzi.

Loweruka lililonse masana tinkapita ku vidiyo ya Che Yusufu, kuseri kwa golosale yake. Mabenchi asanu, jenereta ikulira panja, mkati fungo la usipa ndi thukuta. Che Yusufuyo anali munthu wosalankhula. Ankangolowetsa tepi n'kukakhala pakona, manja atapinda. Ine ndinkamuyesa chitsiru.

Anthu ankaonera ndi mtima wonse. Ena kulira, ena kufuula, "Thawa iwe, ali kumbuyo kwako!" Ine ndinkangowayang'ana ndi diso lachisoni, chifukwa ndinali nditatulukira chinsinsi: mafilimu onse amaphikidwa mumphika umodzi. Ndinagula kope lachikuto cholimba, n'kuyamba kulembamo misampha yawo yonse, uliwonse ndi dzina lake.

Munali "Chifuwa cha Manda": munthu akatsokomola m'filimu n'kuyang'ana mpango wake, kamugulirenitu bokosi. Munali "Mbava Yolongolola": chigawenga chagwira ekitala, mfuti ili m'manja, koma m'malo mowombera chiyamba kusimba mbiri ya moyo wake mpaka thandizo lifika. "Maliro Opanda Mtembo" ndiye uja wagwera mumtsinje osapezeka, amene adzabwerenso ali ndi ndevu. Patsamba lachisanu ndinalembapo "Wotchulidwa Asanaoneke", kutanthauza munthu amene amangomutchula koyambirira, kaya ndi malume ali kutali, kaya mkulu wake wa ekitala. Ameneyo adzatulukira ndithu, ndipo adzatulukira pa nthawi yoipa.

Zikanathera m'kopemo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panga panalibe chitseko.

"Chifuwa cha Manda icho! Mayiwo safika kumapeto!"

"Aphunzitsi, tatisiyani tione tokha," ankadandaula asodzi.

"Muone chiyani? It's obvious!"

Mayi aja akamwaliradi, ndinkadzuka n'kukonza tayi. Anthu ankatuluka atakwinya nkhope ngati awadyera ndiwo, ine n'kumati ndawaphunzitsa.

Tsono panali Asiyatu. Ankasoka pa makina pakhonde la sitolo ina kumsika, ndipo ndinamudziwa ndikukapinditsa thalauza. Thalauza limenelo ndinalipinditsa katatu mpaka linatsala pang'ono kukhala kabudula. Ndinamukonda mtsikana uja, osati zamasewera. Tinagwirizana za banja, koma ine Mkhristu, iye Msilamu, ndiye nkhaniyo inali kale yoyenda pa ulusi. Nditakaonekera kwa mayi ake, anandiyankha mwachidule.

"Ife sitingayankhe kanthu, baba. Mwini mbumba ndi mjomba wake, malume ake a mwanayu, Che Bwanali, ali ku Katuli. Akabwera mumva."

Ndinavomera n'kuiwala. Sindinawaonepo amjombawo, ndipo sindinafunse kuti ndi otani.

Loweruka lina Che Yusufu anaika filimu ya bwana wina wokalamba, mwini tauni yonse, amene aliyense ankamugwadira. Mzimu wanga uja unandigwira. Ndinaimirira pakati pa anthu.

"Onani! Nkhalamba imene aliyense akuiombera m'manja ndi kuiimbira nyimbo, imeneyo igwa basi! Ndipo oigwetsa ndi omwe akuvinawo! Ndi lamulo limenelo!"

M'chipinda monse munangoti zii. Bambo amene ndinakhala naye benchi limodzi anasendera mpaka kukagwera kumapeto. Wina anatuluka atasiya nsapato. Che Yusufu anadzuka pakona pake n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Apo ndi pomwe ndinamva bwino zimene pakamwa panga panatulutsa. Masiku amenewo anthu ankasowa pa mawu ochepa kuposa amenewo.

Lolemba ndikuchokera kusukulu, mayi a nyumba imene ndinkachita lendi anandiitana monong'ona.

"Aphunzitsi, kunabwera munthu amakufunsani. Wa jekete, magalasi akuda."

"Amafunsa chiyani?"

"Ati mumabwera nthawi yanji, mumamwa kapena ayi, mumacheza ndi ndani, makalata anu amachokera kuti."

Lachiwiri ahedi anandiuza kuti munthu yemweyo anafikanso kuofesi kwawo, kufunsa za khalidwe langa. Lachitatu ndinamuona ndi maso angawa, ataima pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi kalasi yanga. Wamtali, jekete lakuda pa dzuwa la ku Mangochi, magalasi akuda bii. Choko chinandigwa m'manja.

Ndinathamangira kukope langa. Tsamba la khumi ndi chiwiri: "Mlendo wa Magalasi Akuda. Akayamba kufunsa anansi za iwe, wabwerera mutu wako." Ndinalemba ndekha, ndi inki yofiira. Nanga pulofesa angalakwitse?

Tsiku lomwelo manovelo anga onse ndinaphikira nyemba. Ndinapeza makhadi a chipani awiri, lina m'thumba la shati, lina la thalauza. Kenako ndinakhala pansi ndi kope lija, kufufuza mmene anthu ogwidwa amapulumukira m'mafilimu. Njira zinalipo, ndipo zonse ndinali nditazipatsa kale mayina. Yoyamba, namizira mowa. Yachiwiri inali "Ana Anga Bwana": gwada, lira, tchula mkazi ndi ana, mtima wa wokugwirayo umafewa. Ndipo ngati pali amene umamukondadi, mukane, kuti asamutengere limodzi. Ndinaloweza zonse ngati ndikukonzekera mayeso.

Lachinayi masana ndili mu tiyirumu ya pafupi ndi msika, kapu ya tiyi ili patsogolo, mthunzi unagwa patebulo. Ndinakweza maso. Jekete. Magalasi.

"Asikomo. Aphunzitsi Bauleni ndinu?"

Anayankhula Chichewa chotsamira ku Chiyao, mofatsa ngati mkulu wakumudzi. Mumtima ndinati, ee, akazitape awa ndiye akatswiri, mpaka anawaphunzitsa kuyankhula ngati alimi a fodya!

"Ndine, bwana."

"Ndimafuna ticheze pang'ono. Ndamva zambiri za inu. Ati ku vidiyo mumayankhula kwambiri."

Basi, zathera pompa. Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji pampando, ndinangozindikira maondo ali pa simenti.

"Bwana, ndi mowa! Si ine, ndi mowa!"

Munthu uja anadabwa. "Mumamwa? Mayi a nyumba yanu akuti sanakuonenipo."

"Ndimabisa, bwana! Kachasu! Ndimayamba mmamawa ndisanapite m'kalasi. Zimene ndimayankhula sindizidziwa n'komwe!"

"Astaghafiru. Tadzukani, anthu akuona."

"Sindidzuka, bwana! Mundimvere chisoni chifukwa cha ana anga!"

"Ana?"

"Anayi, bwana! Ali ku Ntcheu ndi mayi awo!"

Anakoka mpando n'kukhala bwinobwino. Ine n'kumati mumtima, ikugwira, mtima wayamba kufewa! Ndinawonjezera moto.

"Woyamba Chikondi, wachiwiri Mavuto, ndiye pali mapasa. Wachisanu ali panjira, mayi ake ali pakati, miyendo yatupa. Mukanditenga ine adya chiyani?"

Misozi inatsikadi. Ndinawalirira ana amenewo ndi mtima wonse, makamaka mapasa, ngakhale ndinali ndisanawapezere mayina. Mu tiyirumu monse masupuni anasiya kulira.

"Mkazi wa ukwati?" anafunsa.

"Wa kutchalitchi, bwana! Mphete ndinavula chifukwa cha kutentha!"

Kenako anafunsa pang'onopang'ono.

"Nanga mwana uja wosoka kumsika, Asiyatu?"

Amudziwanso? Apa ndiye pofunika ekitala weniweni. Ndinapukuta misozi, n'kuseka kaphwete konyoza.

"Aaa, ameneyo? Musavutike naye, bwana. Ndimangotaya naye nthawi. Mphunzitsi ngati ine ndingakwatire telala wa pakhonde? Ndimangofuna azindisokera zigamba."

Ndinadziona kuti ndachita chamuna. Ndamupulumutsa wokondedwa wanga!

Munthu uja anakweza dzanja n'kuvula magalasi. Diso lamanzere linali loyera mbuu, lophedwa. Linalo linandiyang'ana mpaka kumsana.

"Disoli linathera kumgodi ku Joni, likaona dzuwa limatuluka misozi. Ine ndine Che Bwanali wa ku Katuli. Mjomba wake wa Asiyatu."

Tsamba lachisanu! Wotchulidwa Asanaoneke! Ndinalemba ndekha ndi dzanja langali!

"Kwathu kuno," anapitiriza, "munthu akafunsira mbeta, timayamba tafufuza kwa anansi ake tisanamuyankhe. Mayi a nyumba anakuyamikirani. Ahedi anakuyamikirani. Anangoti ndinu wolongolola, ine n'kuti kulongolola sikupha. Lero ndimabwera kudzakuuzani kuti mutumize ankhoswe anu."

"Amjomba, tadikirani! Zonsezo ndi bodza! Ndilibe mkazi! Mowa sindiudziwa n'kulawa kwake!"

"Ine si mjomba wanu. Imwani tiyi, wazizira."

Anavala magalasi ake n'kutuluka. Ine ndinatsala chogwada. Mwini tiyirumu anabwera kudzapukuta tebulo n'kundifunsa mwaulemu ngati mapasawo ndi aamuna kapena aakazi.

Mmawa mwake ndinapita kwawo kwa Asiyatu nditanyamula kope lija ngati umboni. Ndinawapeza onse pakhonde. Ndinatsegula masamba, kuwaonetsa "Mlendo wa Magalasi Akuda", kuwaonetsa "Ana Anga Bwana", kufotokoza kuti ndinkayesa ndi kazitape wa boma. Ndinalankhula mpaka kukhosi kunauma.

Che Bwanali anamvetsera zonse osandidula. Nditamaliza anati, "Ndakumvani, aphunzitsi, ndipo mwina lero mukunena zoona. Koma munthu wobereka ana anayi pa kapu imodzi ya tiyi, pa chaka adzabereka angati?"

Mayi ake a Asiyatu anaseka mpaka kugwira nthiti. Asiyatu yekha sanaseke. Anali akusoka batani pa malaya, osandiyang'ana.

"Za ana ndi za mowa ndikanakukhululukirani, a Bauleni," anatero. "Koma mutachita mantha, mawu a telala wa pakhonde munawapeza msanga bwanji? Amenewo m'kopemo mulibe. Anali mumtima."

Zinandiwawa, chifukwa sananame kwenikweni. Anthu onse a kumeneko ndinkawayang'anira pansi, ndipo iye ankadziwa.

Za boma zija? Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera. Asodzi amene ndinkawayesa mbuli aja sanakandinenere kulikonse, anangokhala chete ngati sanamve. Manovelo anga anapsa chabe, ndipo nyembazo sizinapse bwino.

Chaka chisanathe Asiyatu anakwatiwa. Mukuganiza ndi ndani? Che Yusufu wa vidiyo, wosalankhula uja! Nditamva ndinatsegula kope, ndipo zinalimo, tsamba la makumi awiri: "Wapakona Wachete. Olongolola akamalimbana, mkazi amapita ndi ameneyu." Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Patapita miyezi ndinalimba mtima n'kubwerera ku vidiyo, poti kunalibe kwina kopita Loweruka. Ndinakhala benchi lakumbuyo, pakamwa nditatseka. Filimu ili mkati, zigawenga zinagwira munthu wina wonenepa. Anagwada, anayamba kulira, n'kutulutsa chithunzi cha ana ake.

Msodzi wina anaimirira kutsogolo n'kukonza tayi imene analibe.

"Chibauleni icho! It's obvious!"

Chipinda chonse chinaphulika.

"Tamufunsani, mapasa ali bwanji?" wina anafuula.

Ngakhale Che Yusufu pakona pake mapewa ankagwedezeka. Mayina onse amene ndinalemba m'kope muja anaiwalika, palibe amene anagwira ngakhale limodzi. Dzina lokhalo limene linakhazikika ku Mangochi ndi langali, ndipo ndimamva kuti mpaka lero munthu akagwada m'filimu, amalitchulabe.

Wodziwa mathero a filimu iliyonse, ayambe wafunsa ngati m'filimumo chitsiru si iyeyo.