Ndinakadzipereka ndekha ku polisi chifukwa cha matokeni

Anzanga, sekani momasuka, inenso ndimadziseka ndikakumbukira. Ku Nkhulambe kuno alimi a nandolo tinalembetsa kakampani kathu ku boma, ndipo ine anandisankha ulembi chifukwa ndinali ndi foni ya intaneti. Mukudziwa mkamwini salemekezeka pamudzi pa eni, ndiye ulembi umenewu ndiwo unali ulemu wanga wonse, moti ngakhale apongozi anga aakazi, omwe ndi apampando a gululo, anayamba kunditchula kuti alembi.

Tsiku lina mlamu wanga wa ku Limbe anandiimbira foni. Akuti kampani ina ya kunja ikugulitsa matokeni, ndalama za pa intaneti zongoyamba kumene, ndipo ogula msanga adzasimba lokoma. "Alamu, nandolo mpaka liti? Kampani yeniyeni imaika ndalama m'zinthu zamakono." Mawuwo anandilowa mumtima. Ndinatapako ndalama za gulu n'kugula m'dzina la kampani, komiti osaiuza, ati ndidzawadabwitse pamsonkhano. Ndani safuna kuomberedwa m'manja?

Patapita masabata awiri, ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinamva pa wayilesi akuchenjeza kuti ndalama zoterezi boma silizidziwa. Mpeni unagwa pansi. Ndinaimbira mlamu uja.

"Kodi ndaphwanya lamulo?"

"Aa, si zoletsedwa."

"Ndiye n'zololedwa?"

"Aa, sindinatero," foni n'kudula.

Ndinachita mantha zedi, osanama, ndipo nzeru yomwe inandibwerera inali yoti wodzipereka yekha amamumvera chisoni. Ndinaulula kwa mayi a kunyumba, iwo kulira, n'kuthamangira kwa amayi awo, pofika masana mudzi wonse unadziwa kuti alembi akupita kundende. Akulu a mpingo anabwera kudzandipempherera. Ine m'malo mokhala chete, pakamwa pangapa, ndinaimirira n'kuyamba kutsanzika, mbuzi zanga muzisamale, ana asasiye sukulu, mpaka amayi ena anapukuta misozi. Ndinamanga bulangete, mbale ndi sopo pakaliyala wa njinga, anthu n'kundiperekeza mpaka pamlatho.

Ku polisi ndinapeza mayi wina wapolisi pakauntala.

"Ndabwera kudzamangidwa."

"Mwaba?"

"Ayi."

"Mwamenya munthu?"

"Ndagula matokeni m'dzina la kampani."

Anandiyang'ana, anayang'ana bulangete, n'kuitana abwana ake. Abwanawo anavundukula buku lalikulu, tsamba ndi tsamba, anaimbiranso munthu wina foni, kenaka anati, "Bambo, lamulo lokumangirani sitikuliona. Lokutetezani ndalamazo zikalowa m'madzi sitikulionanso. Bwererani kwanu."

Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinaganiza za misozi ya amayi aja. "Bwana, ngakhale tsiku limodzi lokha, anthu achita kundiperekeza." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mayi uja anandithandiza kumangiriranso katundu panjinga.

Pobwerera ndinadzera njira ya kuminda kuti ndilowe m'nyumba mwakachetechete, koma njirayo inanditulutsira pamtengo wa mango pomwe gulu lonse linali pamsonkhano, mlembi watsopano ali kale ndi cholembera m'manja. Apongozi anayang'ana kumbali, monga amachitira polankhula ndi mkamwini.

"Boma lati chiyani?"

"Lati nkhaniyi lilibe lamulo lake," ndinayankha, kamtima kakuti mwina ndapulumuka.

"Chabwino. Ife tili nalo."

Anandilamula kuti ndibweze ndalama za gulu, ndipo matokeni ndinawagulitsa pomwepo, anthu atandiunjirira pafoni. Ulembi unapita, ndipo munda wa gulu ndinaupalira ndekha dzinja lonse, ana odutsa akundipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji akaidi?" Kundende bwenzi ndikulima ndi anzanga.

Ndiye ndinalumbira, chinthu chomwe apolisi akuchita kuchifufuza m'buku osachipeza sindidzachigulanso, ndipo ndikadzafuna kudziwa lamulo sindidzapalasanso njinga, ndizingofunsa kwa apongozi.