Tsiku limene ndinalira maliro a kamunthu ka m'foni

Masiku ano ndikamadutsa pa Chisepo ndimafunda chitenje kumutu, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Zonsezi n'chifukwa cha mdzukulu wanga Yohane ndi kampani yake.

Ndikati kampani musaganize za nyumba yamalata. Chinali chigafa changa cha fodya. Yohane atamaliza sukulu ntchito inasowa, ndiye iye ndi mnzake Tadala anamata chigafacho ndi dothi, n'kuikamo sola ndi kompyuta yothetheka pakona. Ati azipanga magemu, masewera a pafoni aja. Gemu yoyamba inali ya njinga yonyamula makala, ndipo ankaisewera okha awiriwo. Yotsatira inafera m'kompyuta denga litadontha. Imene inandipweteka ine ndi ya kamunthu kopirikitsa anyani m'munda wa chimanga, koti kakaterereka kamagwera m'phompho.

"Agogo," anatero Yohane m'mawa wina, "kamunthuka kakumafa mwakachetechete ngati nkhuku ya chitopa. Tikufuna mawu. Mungolirako pang'ono."

"Ndilire, wamwalira ndani?"

"Palibe. Mungoyerekeza."

Ndikanakana. Koma pamudzi pano woyambitsa kulira pamaliro ndine, ndipo mwanayo atati palibe wondiposa, mtima unakoma (ukalamba suchiza matama, anzanga). Sindinaganizeko zoti amuna anga aPhiri agonekedwa kuchipatala ku Mtengowanthenga ndi mwendo wotupa, ndipo mudzi wonse ukudziwa.

Ndinalowa m'chigafa, n'kuyamba motsitsa. Tadala akuti, "Kwezani agogo, makina sakumva." Ndinakweza. "Bwerezani, tambala walowerera." Ndinabwereza. Kenaka ndinakumbuka malemu mayi anga, kukhosi kunatseguka, manja ali kunkhongo: "Mayo ine! Mwandisiyira yani ine!"

Potuluka ndinapeza amayi adzaza pakhonde, akulira. Anyamata aika kale masamba pamsewu. Wina wathamangira kutchalitchi kukaimba belu. Alamu anga, mlongo wawo wa aPhiri, anatulukira akudzigwetsa m'fumbi: "Achimwene anga ine!"

"Alamu, dzukani, ali moyo!"

"Nanga mukulira yani?"

Ndinaloza foni. Yohane, m'malo mongokhala chete, anawaonetsa kamunthu kaja kakugwa m'phompho, mawu anga n'kumveka. Alamu anaimirira, n'kusasa chitenje pang'onopang'ono.

"Mwayamba kuyeserera achimwene akadapuma? Koma ndiye muli pachangu, alamu."

Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndi maondo angawa. APhiri atatuluka m'chipatala sanandikalipire. Anangofunsa kuti anabwera ndani, sanabwere ndani (mnzawo aMbewe sanabwere, ndipo mpaka pano sapatsana moni).

Ndinawauza anawo kuti afufute kulira kwangako. Ati zapita kale m'mafoni mwa anthu. Ndipo mwa magemu awo onse, imene anthu anaikonda ndi imeneyi. Pano anachoka m'chigafa, ali m'kachipinda pa Chisepo, analembanso ntchito mnzawo wina wongojambula anyani. Ine ndikapita kuchigayo ndimadzimva ndikulira m'thumba mwa munthu wosamudziwa.

Mwezi wathawu kunagwa maliro enieni, a mnzanga amene tinkaimba naye kwaya kuyambira tili atsikana. Ndinalowa m'siwa, ndinakhala pafupi ndi mutu wake, n'kutsegula pakamwa monga mwa nthawi zonse. Ndisanafike n'komwe pa "mwandisiyira yani", kamwana kena panja kanakuwa: "Agogo agwa m'phompho!" Ndinaona amayi akuluakulu akubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, osati ndi chisoni. Ndinatseka pakamwa. Mnzanga uja ndinamulira ndi misozi yokha, ngati mlendo wongodutsa.

Dzulo Yohane anabwera ndi shuga, akumwetulira mokayikitsa. Ati gemu yatsopano ikufunika nthungululu. Ndamuuza kuti ayambe wazungulira mudzi wonse, khomo ndi khomo, kunena kuti palibe amene akukwatiwa. Ine zopepesa ndatopa nazo.